MBIRI YA CHILEKA: MMENE BWALO LATHU LIDATAYIRA NDEGE



Ambiri a ife ndege tidayamba kuiona ili kutali mumlengalenga, ikulowera kuseri kwa mapiri, ife tili kakasi ndi makasu m'manja kumunda wa sukulu. Amwayi ndi aja adakwerako lole pa ulendo wa phunziro la Jogalafe n'kukafika ku Chileka, kukaima pakhonde lam'mwamba lija n'kumaona anthu ovala masuti akutsika pamakwerero. Obwerako kumeneko nkhani yake ankaisimba teremu yonse, ndipo ena ankaithira mchere ndithu.

Kuno ku Chiradzulu tilibe bwalo la ndege. Bwalo lathu kuyambira kale ndi Chileka, pakuti munthu wochokera ku Njuli, ku Mbulumbuzi, ku Nguludi kapena ku Namitambo akalawira m'mamawa amakafikako dzuwa lisanatenthe. Mu ulamuliro wa Dr Lazarus Chakwera bwaloli lidapatsidwa dzina la Bakili Muluzi, koma m'nkhani ino ndilitchula ndi dzina lomwe tidakula nalo.

Bwalo limeneli, lomwe kwa zaka pafupifupi 50 lidali khomo la dziko lonse, lataya ndege zake kanayi konse: mu 1974, mu 1983, mu 2013 ndi mu 2019. Mukaiona bwino mbiri yake mupeza kuti nthawi zonsezi chomwe chidachotsa ndege chidachitikira pansi pano, m'manja mwa anthu onga inu ndi ine. Ndi chifukwa chake ndaganiza kuti tikumbutsane.

CHIYAMBI CHAKE

Maulendo a ndege zonyamula anthu ndi makalata adayamba m'dziko muno mu 1931, pamene mzungu wina wa bizinesi ya mtengatenga ku Blantyre, dzina lake Christowitz, adayambitsa kampani yake yaing'ono ya ndege. Mu 1933 kudabadwa kampani ina yokulirapo ya Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo chaka chotsatira idatenga ntchito ya Christowitz n'kumalumikiza Blantyre ndi Salisbury, mzinda womwe lero timautcha Harare. Nkhondo yachiwiri itatha, mu 1946, maiko atatu a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adakhazikitsa kampani imodzi ya Central African Airways, yomwe likulu lake lidali ku Salisbury.

Apa pali mfundo yofunika kuisunga. Nthawi imeneyo likulu la boma lidali ku Zomba, ndipo Bwanamkubwa ankakhala kumeneko, komabe ndege zikuluzikulu zinkatera ku Chileka. Chifukwa chake n'chakuti malonda adali ku Blantyre ndi ku Limbe. Kumeneko n'komwe kudali Mandala, mabanki, njanji yopita ku Beira ndi fakitale ya fodya, ndipo eni minda ya tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje ankagulira zinthu zao konko. Ndege idatsata komwe kudali anthu okhoza kulipira tikiti.

Chenjezo loyamba loti ndege ndi mlendo wosachedwa kutsazika lidaonekera kunyanja. Mu 1949 kampani ya BOAC ya ku Britain idayamba kuteretsa ndege zake zotera pamadzi ku Cape Maclear, pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Hotela yabwino idalipo kale pamalopo kudikira alendo. Koma mu 1950 kampaniyo idasiyiratu kugwiritsa ntchito ndege zotera pamadzi, ndipo pasanapite nthawi hotela ija idatsekedwa. Nyanja idali yomweyo, mchenga womwewo, koma chigamulo chomangidwa ku London chidakwanira kuzimitsa malowo.

CHILEKA NDI NKHONDO YA UFULU

Kwa makolo athu dzina loti Chileka silinkangotanthauza ndege zokha. Pa 6 Julayi 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pabwaloli atakhala kunja zaka pafupifupi 40, ndipo namtindi wa anthu udakamuchingamira, pamodzi ndi atsogoleri achinyamata a Nyasaland African Congress monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume. Sabata imodzi m'mbuyo mwake khamu lina lidali litasonkhana kale pomwepo pomva kuti akufika tsiku limenelo, ndipo lidabwerera lili lokwiya.

Pa 3 Malichi 1959, boma la atsamunda litayamba kumanga atsogoleri a Congress, Dr Banda adatengedwa mbandakucha kunyumba kwake ku Limbe, n'kupita naye ku Chileka komweko, komwe adamukweza ndege ya ku ndende ya Gwelo, mzinda womwe tsopano ndi Gweru. Pa 1 Epulo 1960 adamasulidwa n'kubwerera kumudzi. Motero amene adaphunzira Histole pasukulu pano akudziwa kuti mbiri ya kutha kwa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland singafotokozeke popanda kutchula bwalo limeneli.

NDEGE ZA WENELA

Koma Amalawi ambiri omwe adakwera ndege pa Chileka masiku amenewo sadali andale kapena ovala masuti ai. Adali anyamata a m'midzi opita kumigodi ya golide ku Joni. Boma lathu la Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno, ndipo malo ambiri achonde adali m'manja mwa eni maesiteti kuyambira nthawi ya thangata, lija John Chilembwe adalimbana nalo mu 1915. Mnyamata wopanda munda wokwanira, yemwe ankafunika kupeza ndalama ya msonkho ndi ya malata, njira yomwe ankaiona idali ya Wenela.

Dzina loti Wenela lidachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe linkalemba anthu ntchito m'malo mwa eni migodi. Kuyambira zaka za m'ma 1950 bungweli lidali ndi ndege zakezake. Munthu ankalembetsa, madokotala n'kumupima, kenaka ankagona pa depoti ya ku Blantyre, paja lero timakwerera mabasi ndipo timangoti pa Wenela. Kuchoka apo ankapita naye ku Chileka n'kuuluka kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, komwe ankakwera sitima yapamtunda mpaka ku Johannesburg. Kontirakiti ikatha ankabwerera njira yomweyo, atanyamula wailesi, mabulangete ndi sutikesi yachitsulo. Pofika 1973 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adali oposa 100,000. Enafe fizi yathu idalipidwa ndi ndalama zimenezo.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idanyamuka ku Francistown kulowera kuno kumudzi, koma idagwa itangonyamuka kumene. Anthu 78 adafa, ndipo oposa 70 mwa iwo adali Amalawi obwerera kwao atamaliza kontirakiti. Ofufuza adapeza kuti mafuta omwe adathiridwa m'ndegeyo adali osakanikirana ndi mafuta a mtundu wina wa ndege, osayenera injini zake. Cholakwacho chidachitikira pansi, ndege isananyamuke.

Dr Banda adaletsa nthawi yomweyo kulemba anthu opita kumigodi. Amene adali kale ku Joni adabwerera m'kati mwa zaka ziwiri zotsatira. Mu 1977 kulemba kudayambanso pansi pa dzina latsopano la TEBA, lomwe m'midzi timati Theba, koma chiwerengero sichidafikenso pomwe chidali kale. Mu 1988 njirayo idatsekeka, maboma awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo koyambitsa Edzi. Uku ndiko kudali kutaya koyamba. Ndege zomwe zinkanyamula munthu wamba wa kwa Kadewere, kwa Nkalo kapena kwa Likoswe zidatha, ndipo kuyambira pamenepo ndege idasanduka chinthu cha mabwana.

MASIKU A ULEMERERO

Pamene za Wenela zinkazilala, kampani yathu ya Air Malawi idali pachimake. Idakhazikitsidwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo idaima payokha mu 1967 kampani yaikuluyo itatha. Likulu lake lidali ku Blantyre, ndipo ndege zake zinkagona ndi kukonzedwa ku Chileka. Idali ndi ndege za mtundu wa Viscount, kenaka Hawker Siddeley 748, ndipo pambuyo pake idayamba kuulutsa jeti ya BAC One-Eleven. Ndege zazing'ono zinkafika mpaka ku Mzuzu ndi ku Karonga.

Chomwe chidathandiza kwambiri Chileka masiku amenewo ndi ndale za m'chigawo chino cha Africa. Mu 1965 Ian Smith adalanda ulamuliro wa Rhodesia popanda chilolezo cha Britain, ndipo maiko ambiri adadula ubale ndi boma lake. Maiko ambiri a mu Africa sankalolanso ndege za South Africa kutera kwao chifukwa cha tsankho. Malawi yekha adasankha njira ina: mu 1967 adakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa. Zotsatira zake zidali zakuti munthu wofuna kuchoka kumwera kupita ku maiko a kumpoto, kapena wochokera kumpoto kupita kumwera, kawirikawiri ankadzasinthira ndege pa Chileka. Bwalo lathu lidali ngati mlatho wa pakati pa anansi osalankhulana, ndipo pamlatho pamadutsa ndalama.

Mu 1974 Air Malawi idagula chindege chachikulu cha VC10 kuchokera ku kampani ya British Caledonian, ndipo mu Disembala chaka chomwecho idayamba ulendo wa pakati pa Blantyre ndi London. Taganizani, munthu kuchoka ku Mbombwe m'mawa, kukwera ndege ya dziko lake pa Chileka, mawa lake ali ku Mangalande! Koma ndegeyo inkamwa mafuta kwambiri, ndipo zaka zimenezo n'zomwe mtengo wa mafuta udakwera koopsa pa dziko lonse. Mu 1979 ulendo wa ku London udaimitsidwa. Ndege ija idadzakhala zaka zambiri itaimikidwa pambali pa bwalo, dzuwa ndi mvula zikuithera, mpaka adaiphwasula m'zaka za m'ma 1990. Omwe adapita ku Chileka nthawi imeneyo akuikumbukira.

Nawonso mwayi wokhala mlatho udali wa kanthawi. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, ndiponso South Africa itasintha mu 1994, anansi aja adayamba kuyenderana okha. Panalibenso chifukwa choti munthu wa ku Nairobi wopita ku Johannesburg adzere kwathu kuno.

CHAKA CHA 1983

Kutaya kwachiwiri, komwe kudali kwakukulu koposa, kudabwera ndi kusamuka kwa likulu. Mu 1975 likulu la dziko lidachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Likulu latsopano lidafunika bwalo la ndege loyenera, ndipo boma lidamanga bwalo la Kamuzu International ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzindawo, ndi ngongole zochokera ku African Development Bank ndi ku Japan. Bwalolo lidatsegulidwa mu 1983, ndipo maulendo a kunja adasamutsidwira kumeneko. Chileka idatsala ndi ndege za m'dziko momwe muno.

Tinene chilungamo, zifukwa zomveka zidalipo. Msewu waukulu womwe ndege zimathamangapo pa Chileka ndi wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo ndi wopapatiza, pomwe wa ku Lumbadzi ndi woposa mamita 3,000. Ndege yaikulu yodzadza ndi anthu, katundu ndi mafuta a ulendo wa ku Ulaya imafuna msewu wautali kuti inyamuke, makamaka kukatentha, pakuti mpweya wotentha ndi wopepuka ndipo mapiko saugwira bwino. Chileka yazunguliridwanso ndi mapiri, monga Michiru ndi Ndirande, pomwe ku Lumbadzi ndi chidikha chokhachokha. Ndege zamakono za nthawi imeneyo, monga Boeing 747 ndi DC-10, zinkafuna malo onga a ku Lilongwe. Ndipo anzathu a chigawo chapakati ndi chakumpoto adali atavutika zaka zambiri kutsikira ku Blantyre pofuna kukwera ndege.

Komabe chigamulocho chidasiyana ndi mfundo ija tidaiona poyamba, yoti ndege imatsata malonda. Mu 1983 mafakitale, mabanki ndi malikulu a makampani ambiri adali akadali ku Blantyre. Air Malawi yeniyeniyo likulu lake lidatsala ku Blantyre. Dr Banda ankakhala ku Sanjika, ndipo Nyumba ya Malamulo idakhalabe ku Zomba mpaka 1994. Tsono wamalonda wa ku Limbe wopita ku Harare kapena ku Johannesburg, mizinda yomwe ili kumwera, ankayamba wauluka kulowera kumpoto, kukadikira ku Lumbadzi, kenaka n'kudzadutsanso pamwamba pa kwao. Wopanda ndalama ya tikiti yachiwiriyo ankakwera basi. Kwa ife a ku Chiradzulu umenewo udali ulendo wa makilomita oposa 300, kudzera ku Namadzi, Zomba, Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza, ndipo kawirikawiri munthu ankayenera kugona ku Lilongwe kuti asaphonye ndege. Mwambo uja wa mudzi wonse kuperekeza mwana wopita kukaphunzira kunja, amai ndi azakhali kukaima pakhonde n'kumakupiza mipango, udayamba kutha, pakuti ndani akadalipira lole yopita ku Lumbadzi?

Chileka siidaferetu. Papa John Paul II adatera pomwepo mu Meyi 1989, ndipo m'kupita kwa zaka ndege za m'maiko oyandikana nafe zidaloledwa kubwereranso. Koma ndalama zokonzera mabwalo zinkapita kwambiri ku bwalo latsopano, ndipo nyumba ya apaulendo ya pa Chileka idakalamba anthu akuona. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Dziko la apaulendo ochepa lidapezeka ndi mabwalo awiri a maulendo a kunja, lililonse lofuna ozimitsa moto ake, magetsi ake ndi zipangizo zake, pomwe okwera ndege adali omwewo ogawikana pawiri. Nayo Lilongwe siidapindule mpaka kalekale. Makampani a ku Ulaya monga KLM ndi British Airways, omwe ankatera ku Lumbadzi, adasiya mmodzimmodzi, kotero kuti wopita ku London adayamba kukasinthira ndege ku Nairobi, ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg.

KUTHA KWA AIR MALAWI

Kutaya kwachitatu kudali imfa ya mwini nyumba. Mu 1991 Air Malawi idagula ndege zatsopano, Boeing 737 yomwe idatchedwa Kwacha ndi ATR 42 yomwe idatchedwa Shire, ndipo ambiri tidaona ngati zinthu zayambanso kuyenda. Koma kampani ya ndege ndi bizinesi yovuta. Mafuta, zipangizo zosinthira, inshuwalansi ndi maphunziro a oyendetsa ndege zimalipidwa ndi ndalama zakunja, pomwe matikiti ambiri amagulidwa ndi makwacha. Kwacha itayamba kugwa mphamvu kuyambira 1994, mtengo wa zonsezi unkakwera chaka ndi chaka. Kampani ya ndege zitatu kapena zinayi, imodzi ikawonongeka, ndondomeko yonse ya maulendo imasokonekera, ndipo wapaulendo yemwe wagonapo pabenchi kamodzi ulendo wina amakagula tikiti kwina. Ndege imanyamuka ndi mtengo womwewo kaya mipando yadzadza kaya ili theka, choncho mpando uliwonse wopanda munthu ndi ngongole.

Boma lidayesa kangapo kupeza ogula kampaniyi koma sizidatheke. Ngongole zidachuluka, ndipo mu ulamuliro wa Dr Joyce Banda kampaniyo idathetsedwa. Ndege zake zidaleka kuuluka mu 2013, patatha zaka 49 chiikhazikitsire. M'malo mwake mudabwera Malawian Airlines, momwe boma lidatenga magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines idatenga 49. Ulendo wake woyamba udachitika pa 31 Januwale 2014 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe.

Kampani yatsopanoyo idapitiriza kutera pa Chileka, koma likulu lake lidakhazikitsidwa ku Lilongwe. Bwalo lathu, lomwe lidali kwao kwa ndege za dziko lino, lidasanduka poima panjira. Amakaniko, ogulitsa matikiti ndi ena ambiri omwe ankagwira ntchito ku Blantyre adataya ntchito. Anzathu a kumpoto zidawavuta koposa ife, pakuti kampaniyo poyamba maulendo ake siidaphatikizepo Mzuzu kapena Karonga, mizinda yomwe Air Malawi inkafikako kale.

MPANDA, AMBULANSI NDI GALIMOTO YOZIMITSA MOTO

Kutaya kwachinayi ndiko kochititsa manyazi. Mu Januwale 2019 kampani ya South African Airways idaimitsa maulendo ake a pakati pa Johannesburg ndi Blantyre. Bungwe loyang'anira za ndege la ku South Africa lidali litayendera Chileka n'kupeza kuti mpanda wozungulira bwalo udali woonongeka, ndiponso kuti galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi sizidali zokwanira monga mwa malamulo.

Wina angafunse kuti kodi mpanda ungaimitse bwanji ndege? Yankho lake n'losavuta. Ndege ikamatera imakhala ikuthamanga liwiro loposa makilomita 200 pa ola, ndipo singakhote kupewa mbuzi, ng'ombe kapena munthu wa njinga yemwe wadutsa pamsewu wake pofuna kudula njira. Za moto nazo zili ndi malamulo ake. Bungwe la ICAO, lomwe limaika malamulo a ndege pa dziko lonse, limagawa mabwalo m'magulu potengera kukula kwa ndege zomwe zimaterapo. Gulu lililonse lili ndi chiwerengero chake cha galimoto zozimitsa moto ndi muyeso wake wa madzi ndi thovu, ndipo ozimitsa moto ayenera kufika pamalo a ngozi pasanathe mphindi zitatu. Galimoto zikafa n'kuperewera, bwalo limatsika gulu, ndipo ndege yaikulu siloledwanso kuterapo ngakhale kunja kutacha bwino chotani. 

Boma lidathamangathamanga kukonza zinthuzo. Chaka chomwecho msewu waukulu wa ndege udatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti ukonzedwe, ndipo nthawi imeneyo ndege zazing'ono zokha ndi zomwe zinkatera pa msewu wachiwiri, waufupi uja. Apaulendo ambiri a kumwera kuno adabwereranso ku ulendo wa ku Lumbadzi, monga mu 1983. Ndi chaka chomwechonso chomwe ntchito yokuza nyumba ya apaulendo ku bwalo la Kamuzu, yolipidwa ndi boma la Japan, idamalizidwa. Mu 2020 mliri wa Covid-19 udaimitsa maulendo a ndege, ndipo pomwe ankayambiranso mu Seputembala, bwalo loyamba kutsegulidwa lidali la ku Lilongwe. Mu 2023 kampani ya Airlink ya ku South Africa idayamba kutera pa Chileka, zomwe zidaonetsa kuti bwalo likakhala m'malo mwake, ofuna kudzachita malonda amapezeka.

Taonani kusiyana kwake. Mu 1974 padali imfa za anthu ndi mkwiyo wa mtsogoleri. Mu 1983 padali mfundo yaikulu ya boma yosamutsa likulu. Mu 2013 padali ngongole zomwe zidaunjikana kwa zaka zambiri. Koma mu 2019 padali waya, matayala, mabatire ndi zipangizo za galimoto, zinthu zomwe mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zomwe dziko lidataya. Palibe adalamula kuti ndege zichoke. Zidachoka chifukwa chongozengereza kukonza zomwe aliyense wogwira ntchito pamalopo ankaziona tsiku ndi tsiku. Paja zengerezu adalinda kwaukwau.

KODI IFE ZIKUTIKHUDZA BWANJI?

Ndikudziwa kuti wina mwa inu akuti: ine ndege sindidakwerepo, ndipo mwina sindidzakwera, tsono za Chileka zindikhudza pati? Funsoli n'loyenera, ndipo ndiliyankha ndi zinthu za kwathu konkuno.

Mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Chiradzulu, ndi mai wolima tomato ndi kabichi kudimba, msika wao ndi Limbe ndi Blantyre. Msika umenewo umakula mzinda ukakhala ndi alendo ndi ntchito. Msonkhano waukulu ukasamukira ku Lilongwe chifukwa nthumwi zakunja sizingatere pa Chileka, mahotela a ku Blantyre amagula mkaka ndi ndiwo zochepa. Kampani yakunja ikamasankha poika ofesi, imafunsa kuti bwana wake adzatha maola angati kuchoka pandege kufika pampando. Mlendo wochokera ku America wofuna kudzaona Providence Industrial Mission ku Mbombwe, kapena wofuna kukwera phiri la Mulanje, amawerenga masiku ake, ndipo tsiku lathunthu la pamsewu limatha kumubweza. Wodwala yemwe madokotala a ku Queens anena kuti apite naye kunja msanga, kwa iye mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Lumbadzi si nkhani ya pamapu chabe.

Ndipo tisaiwale ana athu. Zidzukulu za anyamata a Wenela aja zikupitabe ku Joni, koma tsopano pabasi, kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ulendo wa masiku awiri kapena kuposa, pomwe ndege yochokera pa Chileka imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Agogo ao, osadziwa ngakhale kulemba dzina, ankauluka. Iwo, ena a iwo ali ndi masatifiketi a Fomu 4, amagona pachipata. Chomwe chingatsitse mtengo wa tikiti kuti munthu wamba aifikire ndi kuchuluka kwa makampani opikisana pa njira imodzi, ndipo makampani amachuluka pa bwalo lomwe salikaikira.

Mbiri ya Chileka ikutiphunzitsa kuti dzina lotchuka silisunga ndege. Pabwalo pomwe padatera Kamuzu mu 1958 ndi Papa mu 1989, ndi pomwepo pomwe mlendo adadzapeza mpanda wogumuka mu 2019, ndipo sadafunse za mbiri. Pakati pa ife omwe tidaphunzira pano pali mainjiniya, owerengera ndalama za boma, makhansala, aphunzitsi, atolankhani ndi ena ogwira ntchito m'maunduna. Fayilo yopempha ndalama zokonzera galimoto yozimitsa moto imadutsa pa desiki ya munthu, ndipo mwina munthuyo ndi mmodzi wa ife. Mwana yemwe amadula waya wa mpanda kuti akagulitse ali ndi mphunzitsi wake ndi mfumu yake. Phungu yemwe amavomereza bajeti ya mabwalo a ndege amadzapempha voti kwa ife tomwe, ndipo tikhoza kumufunsa kuti ndalama za Chileka zili pa tsamba liti.

Pomaliza ndipemphe anzathu omwe adagwirapo ntchito ku Air Malawi kapena pabwalo la Chileka, ndi omwe bambo ao kapena amalume ao adakwera ndege za Wenela, kuti alembe zomwe akukumbukira n'kutumiza kwa mkonzi wa kalatayi. Madoda omwe adadutsa pa Francistown atsala ochepa m'midzi mwathu, ndipo mabuku a Histole omwe tidawerenga pasukulu pano sadalembe maina ao.